Nsapato za Bambo a Ulemu

Jacqueline anali ndi vuto limodzi lokha pa zisudzo: sankatha kulira. Mawu a sewero ankawaloweza mosavuta, ali mu minibasi pochokera ku ntchito m'tauni. Koma ikafika nthawi yogwada pambali pa mtembo, phwete, kuseka!

Wolakwa anali Mikaili, dalaivala wa minibasi, amene anasankha yekha kukhala mtembo poti mtembo suloweza mawu ndipo umapumula. Akangomufunditsa nsalu yoyera, zala zake za kumapazi zinkayamba kuvina.

"Asisi, mayi woseka pa maliro a mwamuna wake anthu amati wapha ndi iyeyo," anatero a Bennet, mtsogoleri wa gulu lawo la Chiphaliwali. "Loweruka lino mukapanda kulira, gawo la namfedwali ndipereka kwa Annette."

Chiyambire gululi Jacqueline ankangosewera ngati wantchito wobweretsa tiyi n'kutuluka, ndipo aka kanali koyamba kupatsidwa gawo lalikulu. Pomwe Annette misozi sinkamuvuta, ankatha kuigwetsa ngakhale pomupatsa moni.

Loweruka lija holo ya kutchalitchi inali ndi a ukwati, choncho Jacqueline anaitanira gulu lonse kunyumba kwake ku Chinyonga. Mwamuna wake, a Melvin, anali atapita ku Limbe kukagula penti, ndipo mwana wawo Ulemu anali kwa azakhali ake ku Mpingwe. Anakankhira mipando kukhoma, nayala mkeka pabalaza, Mikaili n'kudzigoneka.

"Zala izi ndizo zikutisokoneza," anatero a Bennet. "Mtembowu uvekeni nsapato."

Annette anangotola zomwe zinali pakhomo, nsapato zofiirira za a Melvin, n'kumuveka.

Jacqueline anagwada, akuluma mlomo kuti asaseke. Kenaka maso ake anagwera pa nsapato zija zitasuzumira kunsi kwa nsalu. Anaona chidendene chodyeka mbali imodzi monga mwa kayendedwe ka mwini wake, ndi chingwe chimene iye mwini analumikiza chitaduka. Nsapato zomwezo a Melvin anavala pa tsiku la ukwati wawo. Lero zinali chilili, osagwedezeka. Misozi inangoyamba kugwa yokha.

"Mayo ine! Bambo a Ulemu! Mwandisiyira ndani mwanayu, bambo a Ulemu?"

Mu seweromo mwamunayo dzina lake linali Paston, koma a Bennet anakweza dzanja kuti wina asamudule. Maso awo ankawala. Anakodola atsikana ena a m'gululo, iwo n'kuyambitsa nyimbo ya maliro monga sewero linkafunira. Mazenera anali otsekula.

Ku Chinyonga nyumba n'zoyandikana, woyetsemula kwake amayankhidwa ndi a nyumba inayo. Posakhalitsa analowa mayi Mildred a khomo loyandikana, mpango kumutu, chitenje m'chiuno, akulira kuchokera panja. Pambuyo pawo panabwera amayi ena, nakhala pansi mwakachetechete, n'kuilandira nyimbo ija mwaluso kuposa eni ake.

"Pepani amayi," anayamba a Bennet, "ife pano tikungo..."

"Amuna panja!" anatero mayi Mildred. "Simudziwa mwambo inu? M'nyumba ya maliro mumakhala amayi."

Anawakankhira kunja a Bennet ndi anyamata onse, chitseko n'kutseka. Jacqueline sankaona chilichonse. Anali atagwira nsapato zija, akuziuza zonse zimene sanawauzepo mwini wake.

Kunja a Ridwan a pa golosale anali atathyola kale nthambi n'kuziika pamsewu. Anjinga ankatsika n'kumakankha, ndipo abambo ankabwera ndi mabenchi. A Bennet ankati akayamba kufotokoza, wina ankawagwira dzanja n'kuwauza kuti alimbe mtima.

Nthawi yomweyo a Melvin anatulukira ndi chitini cha penti. Ataona masamba pamsewu anavula chipewa, nayenda pang'onopang'ono, n'kuwagwira paphewa a Ridwan.

"Achimwene, zovutazi zagwa kwa ndani?"

A Ridwan anacheuka, nayasama, kenaka liwiro, benchi n'kugubuduka. A Melvin anathamangira m'nyumba ali ndi nkhawa ndi mwana wawo. Chitseko chitatsekuka nyimbo inaduka pakati. Bata limenelo ndilo linadzutsa Mikaili, amene anali atagonadi tulo. Anadzuka n'kukhala tsonga, nsalu ili kumutu.

"Tamaliza?"

Malemu wina pakhomo, wina pamkeka! Amayi ena anatulukira khomo la kukhitchini, mipango ili m'manja.

Zonse zitamveka, mayi Mildred sanaseke msanga. "Iwe mayi a Ulemu, kulira munthu wamoyo ndi malodza. Ine ndasiya nyemba pamoto chifukwa cha masewera anuwa!" Jacqueline anagwada n'kupepesa, dzanja limodzi litagwirabe buluku la mwamuna wake, ngati angathawe.

"Gawo lija ndi lanu, asisi," ananong'ona a Bennet. Annette yemwe anavomera kuti misozi yake sinasonkhanitsepo mabenchi.

Koma a Melvin anawerama n'kumuvula Mikaili nsapato zija. "Zafa kokwanira izi. Sizifanso."

Lachitatu gulu linakumana ku holo, mtembo utavala nsapato za a Bennet. Jacqueline anagwada, naziyang'ana, phwete! Anayesa za Mikaili mwini, anayesa jombo, osathandiza. A Bennet anapukuta thukuta, nakwera minibasi ya ku Chinyonga kukapempha nsapato zofiirira zija kwa a Melvin ngati munthu wofunsira mbeta.

Pa tsiku la sewero holo inadzaza, theka lake anthu a ku Chinyonga. A Melvin anakhala mzere woyambirira, suti yonse koma kumapazi patapata, poti analamula kuti akhale poonekera, aliyense adziwe kuti ali moyo. Pambali pawo panali mayi Mildred. Nsalu itayalidwa, nsapato zofiirira n'kusuzumira, Jacqueline analira mpaka kumipando yakumbuyo kunamveka anthu akumina. Ulendo uno anaitana Paston. Komabe mayi Mildred, misozi ili mbwembwembwe, ankawatsina a Melvin pamkono pafupipafupi, kungofuna kutsimikiza.