Lendi ya Zipinda za Goliati

Moven anagogoda pachitseko choyamba ndi makiyi a malemu, Marjory ataima kumbuyo kwake, duku lakuda kumutu. Goliati, mwamuna wa Marjory komanso mkulu wake wa Moven, anali ataikidwa Loweruka lapitalo.

"Mulamu, tisavutane," anatero Moven. "Vipinda ivi banamanga bakalibe kukukwatirani. Ni va banja lathu. Lendi ni yathu."

"Nanga msonkho wamene boma ifuna pa lendi?"

"Uyo ni wanu. Ndalama zinali kungena munyumba mwanu, munali kudya babili."

"Msonkho ni wanga, lendi ni yanu? Ba Moven, mulibe nsoni?"

Nkhani yake inali yomweyo. Goliati anamanga zipinda zinayi ku Chawama, mu Lusaka, asanakwatire. Fakitale imene ankagwirako itatsekedwa, mtengo wa ufa n'kumakwera mwezi ndi mwezi, lendiyo ndiyo inkadyetsa ana. Msonkho wa chaka chimenecho unali usanalipidwe. Popanda lendi, Marjory akanagulitsa salaula yake yonse, zovala zakale zimene ankachita nazo malonda, osakwanitsa.

Chitseko chinatseguka. Nkole, telala wokalamba, anasuzumira tepi ili m'khosi.

"Lendi? Koma ba landilodi banabwera dzulo."

"Landilodi ndine manje."

"Nikamba ba Goliati. Masana, dzuwa ili pamutu. Banaimirira pamene mwaimirira apo. Ninabapatsa ndalama, sibanatambasule dzanja. Bananiyang'ana chabe, bapita kumbuyo."

"Mudala, kachasu mwayamba kuseni?" anatero Moven, poti kunali kukadali m'mawa.

Nkole sanaseke. Anatseka chitseko, n'kukhoma.

Pachitseko chachiwiri, Nsama wogulitsa makala anangotsegula pang'ono.

"Ine sininabaone kumaso," anatero motsitsa mawu. "Ninaona chabe msana, na jekete ija ya ku fakitale. Banatenga ndowa yanga ya madzi. Madzulo naipeza pakhomo, yotsuka, baivundika. Ni ba Goliati chabe bamene babweza ndowa yotsuka."

"Jekete ija tinabaika nayo," anatero Marjory.

Pabwalo panali zii, ngakhale wailesi ya mnyumba yoyandikana inali itazima. Moven anaseka kamodzi, kuseka kouma, n'kupitirira chitseko chachitatu, n'kuzungulira kuseri kumene kunali chipinda chomaliza. Kumeneko anaima.

Sitepe ya pakhomopo inagumuka ndi mvula ya chaka chatha, ndipo Goliati anadwala asanaikonze. Tsopano inali yokonzedwa bwinobwino, m'mbali mowongoka. Chaka chimenecho thumba la simenti unkalisaka Lusaka yense osalipeza, koma iyi inali simenti yeniyeni, ikadali yaiwisi ngakhale dzuwa linaiomba kuyambira dzulo. Pafumbi panalibe phazi la munthu.

Pakona ya sitepeyo panali chidindo cha dzanja lamanja, la zala zinayi. Chala chachisanu cha Goliati makina a kufakitale anachidula kalekale. Pambali pa dzanjalo panali malo osalazidwa mosamala, okwana dzanja lina, laling'ono.

Marjory sanalire. Anapinda chitenje, anagwada, n'kuika dzanja lake pamalopo. Simentiyo inali yofunda. Atachotsa dzanja, inali itauma gwa.

Moven anayang'ana manja awiriwo nthawi yaitali. Kenako anaika makiyi pawindo, osati m'manja mwa mlamu wake, poopa kumukhudza.

"Lendi tengani, mulamu," anatero. "Na msonkho ni wanu."

"Nidziwa," anatero Marjory.

Moven anabwerera kwawo ku Matero tsiku lomwelo, osatsanzika ana.

Goliati anali munthu wa manja, pakamwa ayi. Zaka zonse zija sananenepo kwa abale ake kuti zake ndi za mkazi wakenso, mpaka anachita kudzuka kumanda kudzaponda simenti. Inu musatero. Itanani abale anu, muwauze mukadali ndi mpweya.