Chibwano Paphewa la Achemwali

Mzinga anapeza zovala za mlongo wake zili mbwee pakhonde, chikwama chili yasa. Mlongo wakeyo anali atakhala pa ndowa yovundikira, maso ali psuu. Mwamuna wake, makaniko wa mawu ngati injini yothothoka sailensa, anaima pakhomo akugwedeza foni m'mwamba.

"Mwafika bwino, alamu! Chithunzi ichi anajambula ndani?"

"Ndine."

Dzina loti Mzinga anamupatsa chifukwa cha chilenzi, chigalasi cha kutsogolo kwa kamera yake, chooneka ngati mzinga wankhondo: chachitali ngati mkono wa munthu, kukamwa kwake ngati mbale, cholemera moti ankachita kuchikhazika pa mwendo wachitsulo. Kumpira, ali kuseri kwa golo ino, ankatha kujambula thukuta lili pamphuno pa goloboyi wa golo inayo. Ankachipukuta ngati khanda.

Chithunzi chimene chinautsa mapiri pachigwa chinali cha anthu oonerera mpira. Pakati pawo panali mlongo wake akuseka, ndipo paphewa pake panatsamira chibwano cha mwamuna wina wandevu.

"Kugalaja konse akundiseka!" anakuwa makaniko uja. "Azipita kwa wandevu wakeyo!"

"Achimwene, munthuyo sindimudziwa," anatero mlongo wake. "Ndalumbira mpaka mawu andithera."

Mtima wa Mzinga unawira. Wandevuyo anali mizere ingapo kumbuyo. Chilenzi chachitali chimakoka zakutali n'kuzibweretsa pamphuno, koma pokokapo chimafinya mtunda, wakutsogolo ndi wakumbuyo n'kuoneka ngati agundana. Anayesa kufotokoza, koma mlamu wake anamudula.

"Kamera sinama! Inu mungaleke kuikira kumbuyo magazi anu?"

Mzinga anafumbata chibakera, kenako anachifumbatula. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu. Taimani pa polo yamagetsi apo. Musasunthe."

Anasenza chida chake n'kuyenda mpaka kumapeto kwa msewu. Anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kutuluka. Kumbuyo kwa makaniko uja, kutali ndithu kutsidya kwa msewu, mayi wogulitsa makala anali ataima pambali pa matumba ake, akuuzira fumbi pa foni yake. Mzinga anadzika mwendo wachitsulo, anasunthira pang'ono kumanja, anagwira mpweya. Kamera inangoti tcha!

Atabwerako, mitu inaunjikana pa kagalasi ka kamera. Kunabuka chiphwete. Pachithunzipo makaniko uja anaima atatupa ndi mkwiyo, ndipo mayi wamakala, maso atatsinzina, milomo itasongoka, anali akumupsompsona khutu.

"Bwerani mudzaone chibwenzi chanu, mayi!" wina anaitana.

Mayiyo anawoloka msewu, anasuzumira, n'kuomba m'manja. "Ine ndi uyu? Wonunkha girisiyu? Koma chida chanuchi ndi mfiti, achimwene! Taonani, mpaka ndolo yanga ikuoneka!"

Makaniko uja anayang'ana pa polo, anayang'ana kumene kunali matumba a makala, anayang'ananso chithunzi. Anasisita chilenzicho ndi nsonga ya chala chimodzi.

"Mtunda wonse uja... chaumeza?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kamera sinama, alamu," anatero Mzinga. "Si mwatero ndinu?"

Makaniko uja anawerama n'kuyamba kutola zovala kuti azibwezere m'nyumba.

"Zisiyeni," anatero mkazi wake, akuimirira. "Mawu anga simunawamve, mwamvera galasi. Mawa mukaonetse nokha chithunzi chanucho kugalaja, monga anzanu anaonera changa." Anatembenukira kwa mayi wamakala. "Ngati mungalole, mayi."

"Akaonetse! Nkhope yanga yatuluka bwino."

"Mukatero mubwere kwa achimwene, tidzakambirane," mlongo wa Mzinga anauza mwamuna wake.

Anapinda zovala zake mosapupuluma n'kutseka chikwama. Mzinga anakoleka chilenzi paphewa lina, chikwama paphewa linalo, ndipo awiriwo anauyamba msewu. Makaniko uja anatsala pakhomo, akusisita khutu lake.