Fungo la Fodya pa Mpango wa Zhansaya

Tiyi anafika m'milomo ya kambale komwera n'kuyamba kudonthera pansalu ya pathebulo, Zhansaya ali chigwirire ketulo, maso atatsinzina. Mayi Ulbosyn anangomuyang'ana mtengwa wawoyo. Mumzinda wawo wa Taraz ngakhale mwana amadziwa kuti munthu amene ukumufuna umamuthirira tiyi wochepa, wa pansi pa kambale, kuti uzimuwonjezera mpaka nkhani zithe. Kudzaza kambale ndi kumuuza munthu kuti amwe azipita.

"Ndiye wayamba kundithamangitsa m'nyumba mwanga momwe, mwana iwe?"

Zhansaya anadzidzimuka, n'kupepesa atawerama. Anati linali tulo chabe, poti anagona mochedwa ndi zochapa. Mayi Ulbosyn mumtima anati zochapa zimenezi zanyanya.

Nkhani yochapa usikuyi inabwera ndi Serikbol, mwana wawo mmodzi yekhayo, mwamuna wa Zhansaya. Asanapite ku zitsime za mafuta, kumene ankatha mwezi wathunthu osabwera, anaikitsa mita yatsopano, ya mtundu uja wotchipitsa magetsi usiku. Anasiya lamulo loti makina ochapira, uvuni ndi nsimbi zizidikira anthu agone. Mayi Ulbosyn ankalowa m'bulangete akangotha pemphero lomaliza, ndipo bilu itabwera yopepuka iwo ndi amene anayamba kuiyamikira mitayo, poti pa nkhani youmira analibe mnzawo.

Koma tulo ta munthu wamkulu n'topepuka. Anayamba kumva chitseko chakunja chikutsegulidwa pang'onopang'ono, kenako mapazi akutsika masitepe. Pankapita nthawi ndithu mapaziwo asanabwerere, ndipo akabwerera m'pamene makina ankayamba kulira. Makinawo anali m'bafa, madzi m'bafa, sopo m'bafa. Nanga mkazi wa mwini panja ankakatengako chiyani?

Tsiku lina anatola mpango wa Zhansaya pampando, n'kuumva ukununkha fodya. M'nyumbamo munalibe wosuta. M'nyumba yosanja imene ankakhalamo ndi mabanja ena, pamasitepe awo onse wosuta anali mmodzi, Kuanysh, dalaivala wa m'nyumba yapansi pawo, amene mkazi wake anam'thawa, wa dzino lagolide ndi kaseko kosatha kaja. Kuchokera pamenepo chilichonse chinayamba kuwavomereza. Zhansaya akaimba kukhitchini, iwo ankati akuimbira munthu. Akayasamula, ankati watopa ndi zake. Akakhala chete, ndiye kunali kuipa kwenikweni. Kumufunsa sanamufunse, chifukwa ankati wakuba ukamufunsa umangomuphunzitsa kubisa. Kumutsatira nako maondo anawakaniza, ndiponso, kunena zoona, ankaopa zimene akanakaona.

Serikbol atabwera, mayi ake anamukokera kukhitchini asanavule ndi nsapato zomwe, n'kumukhuthulira zonse: chitseko, mpango, ngakhalenso kambale kodzaza kaja. Zhansaya ataitanidwa anafotokoza modekha. Anati mamita onse a pamasitepe awo ali m'bokosi limodzi lachitsulo kunsi. Magetsi akathimathima wotchi ya m'mita imasokonezeka, ndiye ukadalira ya pakhoma umachapa pamtengo wa masana osadziwa. N'chifukwa chake ankatsika kukadikira kuti kawindo ka mita kasonyeze chizindikiro cha usiku, ndipo sankakhalako yekha.

"Mita yakeyo imasutanso fodya?" anafunsa Mayi Ulbosyn.

"Amayi, tsikani usiku uno mukaone," anatero Zhansaya. "Kapena inu bambo, kafunseni khomo lililonse."

Serikbol anakana. Anati kufunsa zotere kwa anansi ndi kuzilengeza, ndipo iye sakanakhala mwamuna woyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati mkazi wake ndi wolongosoka. Sanamumenye, sanamutukwane. Anangotenga pilo n'kumakagona pasofa, kumayankha mkazi wake ndi mutu. Zimenezo zinamupweteka Zhansaya kuposa mawu a apongozi ake. Patapita masiku angapo anadzuka m'mamawa monga mwa nthawi zonse, anawathirira tiyi onse awiri mwaulemu wake, n'kutenga kachikwama kupita kwa makolo ake ku Merke.

Mayi Ulbosyn anauza anansi kuti mtengwa wapita kukadwazika mayi ake. Serikbol anabwerera kuntchito nkhope itagwa, atanena kuti akabweranso nkhani ya banja idzathere pomwepo. Mayi ake anakhala ndi nyumba yawo yonse, monga ankafunira, koma inawakulira.

Zochapa zinaunjikana. Kuchapa masana mtima unawakaniza, poti ankangomva ngati makinawo akuwatafunira penshoni. Tsiku lina anadzilimbitsa osagona. Atagwira batani la makina anakumbukira za wotchi yosokonezeka ija, n'kuima. Linali bodza la mwana uja, inde, komabe bwanji ngati pa wotchi pokhapo ananena zoona? Anafunda mpango, n'kutsika atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, akubuula sitepe iliyonse.

Asanafike anamva kuseka kwa akazi. Pabokosi la mamita panali ngati pampopi. Rauza wa m'nyumba yapamwamba anali atavala jasi la mwamuna wake pamwamba pa zogonera, mtsikana wina akugwedeza khanda, agogo ena atabwera ndi kampando kawo. Kuanysh anakhala pawindo patali, akusuta, n'kumawawalitsira tochi akamuuza. Utsi wake unadzaza masitepe onse, chifukwa windolo linali lokhomedwa misomali kuopa chisanu.

Rauza anawalandira ndi manja awiri, n'kuwakhazika pakampando ka agogo aja. Anafunsa za matenda a ku Merke, kenako anayamba kudandaula kuti chichokereni Zhansaya iwo akuvutika, poti ndi iye yekha anali ndi maso oona timanambala ta m'kawindo, ndipo ankawerengera aliyense.

"Ine ndiye ndapumako, amayi," anatero Kuanysh, dzino lija likung'anima. "Mtengwa wanu uja ndi wapolisi. Usiku uliwonse kundinena za utsi, akuti ndikumununkhitsira zovala ndipo apongozi ake sakonda. Machesi anga mpaka lero ali nawo."

Akazi aja anaseka. Mayi Ulbosyn anayesa kuseka nawo, koma sizinatheke. Mumtima anayesabe kugwira kachingwe kotsala, akuti mwina anthuwa anapangana. Koma anapangana liti, nkhaniyo sanaimve n'komwe? Chizindikiro chitasintha, gulu lonse linabalalika kuthamangira ku makina awo, iwo n'kukwera okha pang'onopang'ono.

Atalowa anavula mpango kuti aupachike, ndipo fungo linawamenya m'mphuno. Linali lomwe lija. Anakhala pansi m'mdima mpango uli m'manja, manyazi atawagwira mpaka m'mafupa. Anali atapasula banja la mwana wawo ndi mphuno yawo. Usiku umenewo makina sanalire.

Kutacha anaimbira foni Serikbol. Anamuuza zimene anaona osazikometsa, ndipo mwanayo anati iye alibe nkhope yokaonekera nayo ku Merke. Mayi ake anati nkhope yake idikire, ayamba ndi yawo. Anakulunga nsalu yatsopano ndi maswiti, n'kukwera basi.

Makolo a Zhansaya anawalandira monga alendo alandiridwira, n'kuwakhazika kumtunda kwa thebulo, koma nkhani zinali za chisanu ndi mtengo wa udzu wa ziweto basi. Zhansaya analowa ndi ketulo, atawonda, n'kupereka moni atawerama. Anathirira bambo ake pang'ono, mayi ake pang'ono. Atafika pa kambale ka apongozi ake anathira osaleka, maso ali chitsegulire, mpaka tiyi anafika m'milomo. Ulendo uno silinali tulo.

Mayi ake a Zhansaya anatsokomola, bambo ake anayang'ana kudenga. Mayi Ulbosyn analandira kambaleko ndi manja awiri, mosamala kuti kasatayike, n'kukaika patsogolo pawo.

"Ndamva, mwana wanga," anatero. "Koma wopita ndi amene wamwa. Ine sindimwa mpaka undimvere."

Zhansaya anatuluka n'kupita kukhitchini. Tiyi anasiya kufuka, n'kuzizira, n'kuchita kakhungu pamwamba. Nthawi ya basi yomaliza yobwerera ku Taraz inakwana, n'kudutsa, iwo ali chikhalire. Kunja kutayamba kuda, chitseko cha kukhitchini chinatseguka, Zhansaya n'kubwera kudzachotsa kambale kozizira kaja. Anaika kena kopanda kanthu, ndipo anakhala pansi moyang'anana nawo, ketulo ili pambali, asanathiremo.