Foni Imene Inamuwonongera Mwayi Make Mapasa

Foni ya Make Mapasa inalira kachisanu m'mawa umodzi wokha, iye ali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Panali patatha miyezi inayi chitsekere fakitale ya nsapato kumene ankayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Chichokereni kumeneko, analemba makalata ambiri ofunsira ntchito, ndipo mbiri yake ya ntchito anaiika pa intaneti, nambala ya foni ili poyera.

"Halo mayi, taona mbiri yanu," anatero mwamuna wa mawu otsekemera. "Anthu ngati inu ndi amene tikuwafuna. Mubwere mawa."

"Ntchito yake ndi yotani?"

"Zimenezo mudzamva mukafika. Mwayi sudikira munthu."

Mawu amenewa sanali achilendo kwa iye. Ulendo woyamba ataitanidwa chonchi, anasita bulauzi, nakwera mabasi awiri mpaka kukafika m'chipinda china chapamwamba pa sitolo ya utoto. Anapezamo anthu oposa makumi atatu atakhala pa mipando yapulasitiki. Bambo wa suti yonyezimira ankawawombetsa m'manja ngati ana a sukulu. Panalibe amene anamufunsa za zaka zisanu ndi zitatu zimene anagwira ku fakitale. Ntchito inali yoyenda khomo ndi khomo kugulitsa zosefera madzi. Malipiro a pamwezi panalibe, koma komishoni basi: ukagulitsa upatsidwa kagawo, ukapanda kugulitsa ubwerera chimanjamanja. Anawauzanso kuti aliyense alembe manambala a abale ake makumi awiri. Ulendo wachiwiri zinali zomwezo, kungoti katundu wake anali inshuwalansi.

Tsopano mafoni aja ankabwera ngati ntchentche. Mwamuna wake, amene anali wowotcherera zitsulo, ankayesa kumuseketsa.

"Make Mapasa, mwatchuka bwanji! Kodi mukupikisana nawo pa chisankho?"

Koma mayiyo sankaseka. Mtima unali utatopa.

Lachitatu masana foni inaliranso, nambala yosadziwika. Iye sanadikire ndi moni yemwe.

"Ndanena kale kuti sindikufuna! Mundisiye, musadzandiimbirenso!"

 Kenako kunamveka mawu a mayi wina wodekha.

"Pepani. Ndimaimba kuchokera ku kampani ya zipangizo zomangira, kumene munafunsira ntchito yosunga katundu. Poti simukufuna, tiitana ena."

Foni inaduka. Make Mapasa anaimbanso nthawi yomweyo, koma anamuuza kuti mndandanda wa oitanidwa wadzaza. Anakhala pansi pakhomo, misozi ili chuchuchu.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anamuona atasuzumira pa mpanda. Mayiyu anapuma pa ntchito atakhala zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo mumsewu wonsewo ankangomutchula kuti Amafailo. Analowa, nakhala pambali pake, namvetsera nkhani yonse osamudula mawu.

"Zowawa ndithu, mwanawe," anatero Amafailo. "Koma foni siinalakwe. Nambala yako waiyanika pa intaneti ngati chovala pa chingwe, aliyense wodutsa akuiona. Ena ntchito yawo ndi kutola manambala a anthu osowa ntchito, chifukwa amadziwa kuti wanjala safunsa zambiri."

"Ndiye kuti onsewo ndi akuba, amayi?"

"Ayi. Kugulitsa pa komishoni ndi ntchito ndithu, ndipo alipo amene amadyetsa ana awo nayo. Choipa n'kukubisira. Wokuitana moona mtima amanena dzina la kampani, ntchito yake ndi malipiro ake, usanawononge ndalama ya basi. Safunsa anadya phula. Ukayankha foni, upereke moni bwinobwino, kenako ufunse: mukuimba kuchokera kuti? Nambala yanga mwaipeza bwanji? Pali malipiro a pamwezi, kapena ndi komishoni yokha? Akayamba kuzemba, wadziwa kale."

"Nanga akakakamira?"

"Uwauze mwaulemu kuti, 'Zikomo, sindikufuna, chotsani nambala yanga pa mndandanda wanu.' Ukatero uitseke nambalayo mu foni kuti isadzalowenso. Koma zinthu ziwiri usadzachite: kulipira ndalama kuti ulembedwe ntchito, ndi kupereka chiphaso chako kapena manambala a abale ako kwa munthu amene sukumudziwa."

Tsiku lomwelo anakhala limodzi patebulo la m'chipinda chochezera. Anachotsa nambala ya foni ndi adiresi ya nyumba pa mbiri ija ya pa intaneti, nasiyapo imelo yokha. Nambala inatsala pa makalata opita ku makampani amene iye mwini anasankha. Amafailo anamuuzanso kuti atenge kope, azilembamo paliponse pamene wafunsira ntchito ndi tsiku lake.

Mafoni sanathe tsiku limodzi. Sabata yoyamba anabwerabe angapo. Wina atafunsidwa za malipiro a pamwezi anati, "Mayi, anthu oganiza patali safunsa zimenezo." Make Mapasa anathokoza, nadula, natseka nambalayo. Mtima sunamupwetekenso ngati kale. Pofika sabata yachitatu, tsiku linkatha foni osalira.

Kumayambiriro kwa mwezi wotsatira kunabwera nambala ina yachilendo. Anapuma kaye, napereka moni.

"Ndikuimba kuchokera ku kampani yopikulitsa mankhwala," anatero bambo wina. "Munafunsira ntchito yoyang'anira katundu. Malipiro ndi a pamwezi, ndipo zonse tikutumizirani pa imelo. Mungabwere Lolemba tidzakufunseni mafunso?"

Anatsegula kope lija. Dzina la kampaniyo linalimo, lolembedwa ndi dzanja lake.

Lolemba anapita. Anamufunsa za kalandiridwe ka katundu ndi kasungidwe kake, ndipo anayankha monga munthu wodziwa ntchito yake. Patatha masiku khumi anamupatsa makiyi a nyumba yosungiramo katundu.

Inu amene mukufuna ntchito, sungani nambala yanu ngati mmene mumasungira kiyi wa pakhomo. Yankhani foni iliyonse mwaulemu, chifukwa simudziwa imene yanyamula mwayi wanu. Koma funsani musanakwere basi. Ntchito yoona siibisa dzina lake, siibisa malipiro ake, ndipo siikulipiritsani kuti muiyambe.