Galimoto Yonunkhira Samusa

"Beseni limenelo ndi lokandiramo ufa wa samusa, iwe! Ulibweze pomwe walitenga!"

"Ndilitsuka, achemwali. Ndi sopo."

"Oyilo amatsukika? Unamuona ndani akudya samusa zonunkha galaja?"

Mukhtar anali chigonere chagada pa katoni pansi pa galimoto, miyendo yokha ili kunja, ndipo Hajara, mchemwali wake wamkulu, ankangokalipira miyendoyo. Anaiponda pang'ono ndi silipasi.

"Ndikulankhula ndi iwe. Anthu ozindikira amapita ku galaja. Iwe sipanala unayamba liti kuigwira?"

"Ku galaja akandikhazika tsiku lonse. Ndili ndi ulendo masana ano."

"Ulendo! Ngati ukupita ku Joni. Pa Kameza pomwepa?"

Galimotoyo inali yake, anamusiyira malemu bambo awo. Inali yofiira kalekale, tsopano inkaoneka ngati njerwa yosapsa bwino. Chimalizireni Fomu 4 ankanyamulira katundu wa anthu a mumsika wa Ndirande, koma za m'mimba mwa galimotoyo sankazidziwa. Kusintha oyilo anaphunzira dzulo lake pa foni, pa kavidiyo ka bambo wina amene anamaliza ntchito yonse osadetsa ngakhale chikhadabo.

Chinamuyambitsa zonsezi ndi Asia, mwana wa a Ahmadi, atelala a kuseri kwa mzikiti. Asia ankanyamuka masana omwewo kupita ku Lilongwe kukakhala kwa azakhali ake, ndipo aliyense wa mumzere mwawo ankadziwa kuti azakhaliwo akhala akutchulatchula za mnyamata wina wa kumeneko, wa shopu ya matayala. Mukhtar anayamba kumukonda Asia akadali pa sukulu, koma sanamuuzepo. Akanamuuzira kuti? Kwawo, a Ahmadi ankakhala pakhonde ndi makina awo tsiku lonse, maso pa nsalu, makutu ku msewu. Panjira, ana ankalondola m'mbuyo. Foni ya Asia ankaigwiranso mayi ake. Choncho Asia atanena kuti akufuna womunyamulira chikwama kukafika pa Kameza pokwerera basi, Mukhtar anaona kuti Mulungu wamutsegulira chitseko. Kuchokera ku Ndirande kukafika pa Kameza, mawindo otseka, anthu awiri okha. Mu Blantyre monse munalibe chipinda china chotero.

Koma galimotoyo inali itayamba kutsokomola, ndipo oyilo wake anali bii ngati phula. Sakanalola kuti imuchititse manyazi tsiku ngati limeneli. Anatenga chigubu chachikasu chopanda kanthu pa mulu wa zigubu za Hajara za mafuta ophikira, nakagula oyilo wopungula kwa bambo wina wa mgolo ku Makata. Atabwerako anachiika pakhonde, pafupi ndi thumba la makala.

Bawuti ya pansi pa injini inakana. Anakoka, inakana. Anatchula dzina la Mulungu n'kukankha ndi mphamvu zonse, ndipo inamasuka mwadzidzidzi ngati yakhala ikumuseka. Bambo wa mu kavidiyo uja anati injini iyambe yatenthedwa kuti oyilo atsike bwino, koma sananene kuti atsikira pa mkono. Oyilo wotentha anayenderera kuchoka m'manja, kudutsa pa chigongono, mpaka kukhwapa.

"Mayo ine!"

Anadzuka osaganiza, chipumi n'kugunda chitsulo. Bawuti ija inagwera m'beseni, thibu!

"Wafa?" anafunsa Hajara ali pakhonde.

"Ayi."

"Ndiye beseni langa ukatsukabe."

Anavuula bawuti mu oyilo wakudayo ndi zala zothuza, naibwezera. Atatuluka, pabwalo panali chithaphwi chakuda chimene chinkalowera kumene Hajara amayanikira mbale. Hajara anachiyang'ana, nayang'ana mlongo wake, n'kungotenga ufa wake kukakandira mumphika kuseri kwa nyumba.

Dzuwa linali litakwera. Mukhtar anathamangira pakhonde, nanyamula chigubu chachikasu, nadula botolo la madzi kuti likhale chothirira. Mafuta ankatsika bwinobwino, oyera ngati uchi, ndipo iye ankawayang'ana osawaona. Ankakonza mawu. Akadutsa pa Magalasi achepetsa wailesi. Akafika ku Chirimba anena kuti, "Asia, Lilongwe ndi kutali, koma mtima wanga..." Ayi, zimenezo n'za m'nyimbo. Angonena kuti, "Asia, pali nkhani." Kenako atembenuka pang'ono, dzanja limodzi pa chiwongolero, ndipo mphepo... ayi, mawindo akhala otseka. Anayeza ndi kandodo, naona kuti afika pa mzere. Analiza injini. Inalira mofewa ngati mphaka wokhuta.

"Mwamva, achemwali?" anafuula. "Galaja yake iti?"

Anasamba mothamanga, navala shati yoyera imene anaisita m'mawa, nadzithira perefyumu mpaka kuyetsemula.

Asia anatuluka atavala mpango wobiriwira, chikwama chachikulu chili m'manja. A Ahmadi anasiya kupalasa makina, nayang'ana Mukhtar pamwamba pa magalasi awo.

"Mukamutsitse pa Kameza, mnyamata. Osati kwina."

"Pa Kameza pomwepo, bambo."

Anayenda. Asia anakhala kutsogolo, manja pa maondo, akuyang'ana ma shopu ngati akuwatsanzika. Atangotuluka mu Ndirande, Asia anakweza mphuno.

"Wanyamula samusa?"

"Ayi."

"Usandimane, iwe. Achemwali ako akupatsa zoti undipatse, wabisa."

"Walahi, palibe samusa muno."

"Ndiye chikununkhira n'chiyani? Ngati tili pa chiwaya."

Mukhtar nayenso anali atalimva fungolo, koma ankaganiza kuti lachokera m'shati. Anadutsa pa Magalasi. Anachepetsa wailesi monga anakonzera.

"Asia, pali nkhani."

Foni inalira m'thumba mwake. Anaisiya. Inaliranso.

"Ndi a Hajara," anatero Asia ataitulutsa yekha. "Yankha, mwina n'zofunika. Ndikugwirira." Anadina kuti imveke mokweza.

"Mukhtar!" Mawu a Hajara anadzaza galimoto yonse, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka anthu akutsokomola. "Mukhtar, mwana wa mayi anga, wathira chiyani m'galimotomo?"

"Oyilo, achemwali."

"Oyilo wako ali pa mbaula pano! Ndathira m'chiwaya, ndaponyamo samusa, utsi wake wabuluu ngati wa minibasi! Anthu atuluka m'nyumba zawo, akuti tikuwotcha matayala! Samusa zatuluka ngati makala! Chigubu changa cha mafuta chili kuti?"

M'maso mwa Mukhtar munabwera khonde lija. Thumba la makala. Chigubu chachikasu kumanzere kwake. Chigubu chachikasu kumanja kwake.

"Innalillahi," ananong'ona Asia, dzanja lili pakamwa. "Wathira mafuta ophikira?"

"Ndani ameneyo? Asia? Asia, mwana wa eni ake, tsika m'galimotomo asanakukazinge!"

"Ima, Mukhtar. Ima!" anatero Asia.

Anapatukira kumbali kwa msewu ku Chirimba, pafupi ndi pomwe amaima anyamata a kabaza, nazimitsa injini. Pansi pa boneti pankamveka kuthetheka pang'onopang'ono. Atatsegula bonetiyo, fungo linafalikira msewu wonse, fungo labwino, la kunyumba, la nthawi yofutulu mwezi wa Ramadani. Anyamata a kabaza anatembenuka onse pamodzi.

"Amwene, chipisi chake n'cha bwanji?"

"Tiikireniko ndi kabichi!"

Wina wamkulupo, wovala jekete yonyezimira, anasuzumira mu injinimo, nasolola kandodo koyezera, nanunkhiza. Sanakhulupirire. Ananyambita.

"Ee! Anthu inu, bwerani mudzaone! Ndi ophikira enieni!" Anamuyang'ana Mukhtar kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala ya shati yoyera. "Madala, mwabwera nayo kuchokera kuti?"

"Ku Ndirande."

"Ndipo yafika? Galimoto imeneyi ili ndi mapemphero. Koma mukapitiriza, injini inoka, iferatu. Mukawasiyanso azizire m'menemo, agwirana ngati phala. Khutulani pompano akadali otentha."

Ngati zimenezo zinali zoona kapena ayi, Mukhtar sankadziwa. Anthu anali atachuluka. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malichero awo, wina anali atayamba kale kujambula pa foni. Mukhtar anayang'ana Asia. Asia anali ataima pambali, akuyang'ana msewu wopita ku Kameza, kenako dzuwa, kenako msewu. Sankaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

"Sindichedwa," anatero Mukhtar.

"Ukakhutula uthiramo chiyani?" anafunsa Asia.

Mukhtar anatenga sipanala m'buti n'kukwawira pansi pa galimoto, popanda katoni, shati yoyera pa fumbi la Chirimba. Kunena zoona, pansipo m'pomwe pankamukomera. Panalibe maso a munthu. Wina anamukankhira chitini cha penti chopanda kanthu.

Bawuti inali yotentha ngati khala. Anaigwira ndi mchira wa shati, naipotokola, ndipo mafuta a Hajara anatuluka ndi mkwiyo wa mwini wake. Anaphonya chitini. Anamenya chitsulo china n'kumwazikira pachifuwa, pakhosi, m'tsitsi. Mukhtar anakuwa, anthu kunja nawonso anakuwa.

"Mutembenuzeni, wapsa mbali imodzi!"

"Mchere uli ndi ndani?"

Anagona chomwecho, mafuta akudontha pa khutu lake, akuyang'ana mimba yakuda ya galimoto ya bambo ake. Mawu onse amene anakonza aja anali atasungunuka. Chipinda chake cha mawindo otseka chinali chitasanduka msonkhano. Kuchokera pansipo dziko linali la mapazi okhaokha: majombo a kabaza, masilipasi, zidendene zong'aluka, ndi nsapato zakuda za Asia, zoyera kunsonga ndi fumbi, zitaima pamodzi mwaulemu pafupi ndi tayala.

Kenako kunabwera matayala ena, aakulu, n'kuima ndi phokoso. Chitseko chinakhuluzika.

"Kameza, Lunzu! Kameza, Lunzu! Asisi a mpango wobiriwira, mukupita? Malo alipo, bwerani! Chikwamacho n'chanu?"

Mukhtar anamva buti ya galimoto yake ikutseguka. Anaona chikwama cha Asia chikutsika, chikugunda pansi, kenako chikunyamuka m'manja mwa kondakitala. Nsapato zakuda zija zinasuntha. Zinabwera kufupi, ndipo mpango wobiriwira unaoneka pang'ono m'munsi mwa chitseko.

"Mukhtar, basi ya ku Lilongwe indisiya. Azakhali akandidikira pa depoti." "Unati pali nkhani."

"Ndi... ndi yaitali."

"Ndiye udzandiuza tsiku lina."

"Asisi, tikuchedwa! Siyani amuna anuwo apse bwinobwino!"

Nsapato zija zinatembenuka. Phazi limodzi, linalo. Zinkapita mosafulumira, koma zinkapita ndithu, ndipo Mukhtar anaona msewu wonse wa ku Lilongwe uli patsogolo pake, ndi shopu ya matayala kumapeto kwake, ndi mnyamata wa shati yoyera yopanda dontho ataima pakhomo. Anafuna kutuluka, lamba wa thalauza n'kukodwa pa chitsulo. Anakoka, osatheka. Phazi la Asia linakwera pa chitseko cha minibasi.

"Asia!"

Mawuwo anagunda chitsulo n'kutuluka mbali zonse za galimoto, aakulu kuposa momwe iye ankaganizira. Mapazi onse anaima. Ngakhale kondakitala anasiya kumenya denga.

"Asia, usakwere! Ine za ku Kameza sindimazifuna, sindimafuna kukuperekeza kulikonse! Wa matayalayo umukane. Ndilibe kanthu, galimoto ndi iyi ukuionayi, koma mawa lomweli ndituma amalume kwa bambo ako. Ndikufuna iweyo, Asia. Ndikufuna ndikukwatire."