Thiransifoma ya Kaseti ya Mzime

Achimwene anga akagwira chinthu sachisiya. Amakonza mawailesi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, monunkha mtovu wopsa ndi fumbi, ndipo ukawafunsa kafunso kamodzi amakuyankha ndi phunziro lathunthu. Ine mtima woleza chonchowo ndilibe.

Amayi anali chigonere, adokotala atatiuza kale kuti tizingowasamalira kunyumba. Chakudya ankakana. Ankapempha chinthu chimodzi chokha: amve mawu a mzime wathu, amene anatisiya pa ngozi ya galimoto zaka zapitazo. Mawuwo anatsala pa kaseti imodzi basi, imene anadzijambula yekha akuimba ndi gitala. Ndinkaisunga ine m'kabati, pansi pa zovala.

Wailesi ya kaseti inalipo, yachikalekale. Kamota kankazungulira bwinobwino, koma mawu zii. Achimwene ataitsegula anapeza kuti mbali yokweza mawu inapsa kalekale.

"Ndipanga yanga," anatero.

Anapangadi kabokosi kotenga timawu tofooka ta pa tepi n'kutikweza tisanapite ku sipika. Kameneko sikanawavute. Nkhani inakula pa magetsi okadyetsa.

"Ikani mabatire, achimwene," ndinatero. "Amayi sadikira."

"Mabatire amafooka nyimbo ili pakati. Ukufuna amve mwana wawo akusasa mawu ngati chule?"

Anayesa chaja ya foni ndi makaseti ena achabechabe. Sipika inalira tswii, ngati udzudzu m'khutu. Anayesa kathiransifoma kochotsa mu wailesi yakufa, kameneko n'kumangoti huuu, kuphimba nyimbo yonse. Ati kabokosi kawo kankafuna mavolti khumi ndi awiri mbali iyi, khumi ndi awiri mbali inayo, ndi waya wachitatu pakati. Kusitolo ya zamagetsi anawaonetsa thiransifoma ziwiri, ina yochepa mphamvu, ina yopanda waya wapakatiyo. Anabwerako chimanjamanja, amayi akunka naonda.

"Ndikulunga ndekha," anatero, ine n'kungogwira pakamwa.

Anatenga chithiransifoma chakale, cholemera ngati njerwa. Anagumula timapale tachitsulo totseka pamwamba pake, n'kuchotsa waya wina, n'kuyamba kukulunga wa kopa watsopano, milomo ikuyenda powerenga. Ukawalankhula ankakudzutsira chala, osakuyang'ana n'komwe.

M'mawa wina ndinafika ndi kaseti ija m'manja, n'kuiponya patebulo pawo.

"Lero lomwe, achimwene. Dzulo amayi anandifunsa kuti ndine mwana wa yani."

Anandiyang'ana, maso ali psuu. "Ndamaliza kukulunga. Ndingoyeza mavolti, kenako nditseke chitsulochi."

Anagwada pansi pa tebulo kufunafuna soketi. Nthawi yomweyo alamu anga, akazi awo, analowa ndi makapu a tiyi. Pamene ankapatula malo pakati pa mawaya, kapu ina inapendekeka, tiyi n'kuyenderera kulunjika kasetiyo. Alamuwo, pokhala munthu wosamala, anatola kasetiyo msangamsanga n'kuisanjika pouma, pamwamba pa chitsulo chosatsekacho. Ine ndinali kalikiliki kufuna kansanza.

Achimwene pansi paja anayatsa.

Grrr! Chitsulo chinabangula, kaseti n'kumanjenjemera pamwamba pake. Anatukula mutu, anaona, n'kukuwa, "Mayo!" Anazula waya kukhoma mwamphamvu moti soketi inatsala ikulendewera. Kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Chitsulo chikakhala chosatseka, maginito ake onse amatulukira pamwamba," anayankha motsitsa. "Matepi amawafufuta chonchi."

Abale inu, ndinalusa. Ndinanena mawu amene mlongo sayenera kunena kwa mkulu wake. Ndinati nzeru zambiri zija zatipindulira chiyani, ndinati mabatire, mabatire, inu n'kumati chule! Alamu ankalira atagwira kapu yopanda kanthu, akuti ankangofuna isanyowe. Nawonso sindinawasiye.

Achimwene anadzuka, n'kubwezera timapale tija kamodzikamodzi, n'kulumikiza tizipangizo towongola magetsi, n'kuika thiransifomayo m'chitini chakechake, kutali ndi kabokosi. Sanalakwitse waya ngakhale mmodzi.

"Mwina pena patsala," anatero pomaliza.

Palibe amene analimba mtima kuti tiyese pomwepo. Tinanyamula zonse, wina sipika, wina chitini, mpaka kuchipinda kwa amayi.

Tinawapeza ali maso. Nditawauza kuti tabwera ndi mzime, anayesa kudzuka, ine n'kuwatsamiritsa pa pilo. Anakonza mpango wawo kumutu ngati kukubwera mlendo.

Achimwene anayatsa. Kunena zoona, chinthucho anachipanga bwino. Panalibe huuu, panalibe tswii. Anadina batani, tepi inayamba kuzungulira, m'sipika n'kumangomveka fuu, kamphepo chabe. Anakweza mpaka kumapeto, koma kamphepo komweko. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale tsiku limene mwanayo anamwalira.

Tepi itapita ndithu, achimwene anatambasula dzanja kuti azimitse. Amayi anawagwira pamkono.

"Musazimitse, bambo," anatero, akumwetulira. "Mwana ameneyu ngwamanyazi. Amachedwa kuyamba."