Jombo za a Sungani

Anzawo a kuntchito ankawatcha a Sungani, ndipo mkazi wawo ankati dzinali ndi laulemu kwambiri kwa munthu woteroyo. Mipando ya pabalaza inali idakali m'mapulasitiki chiigulireni. Wailesi ankaichotsa mabatire nkhani zikangotha.

Ntchito yawo inali yokumba zinyalala m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Atalandira jombo zatsopano kuntchito, anazimanga ndi chingwe n'kuzikoleka paphewa, iwo n'kumalowa m'madzi akudawo opanda nsapato, mapazi ali zikang'a zokhazokha. Ati matope amaonongetsa jombo. Mkaziyo analankhula mpaka malovu kuuma, koma iwo ankangoyankha kuti phazi limapola lokha pamene jombo ikang'ambika yapita.

Mvula itagwa sabata yathunthu, a Sungani anayamba kutentha thupi. Akatumba ankawawa moti samafuna ndi kukhudzidwa komwe, maso ali psuu. Anati ndi malungo, n'kutulutsa mapiritsi amene anasunga chaka chatha, chifukwa ngakhale mankhwala sankamaliza. Pamene mkaziyo ankawakwezera m'galimoto ya neba kupita kuchipatala, maso anali atasanduka achikasu ndipo anali atatha masiku awiri osakodza.

Dokotala, mtsikana wosachedwa ndi malonje, anafunsa za ntchito yawo, n'kuyang'ana kuphazi. Anajambula papepala kachinthu kopotanapotana ngati sikuluwu, kokhala ndi kambedza mbali zonse. Anati kabakiteriya kameneka kamakhala mu impso za khoswe, khosweyo osadwala n'komwe, n'kumatuluka ndi mkodzo. M'matope onyowa kamatha milungu kali moyo. Kakapeza mng'alu pakhungu kamadzizunguza n'kuboola, kulowa m'magazi, ulendo wa kuchiwindi ndi ku impso. Mankhwala anali atayamba kale kukapha, koma ngati impsozo zidzukenso, zinali zoti aone m'thumba la mkodzo limene linapachikidwa pabedi.

"Kuntchito sawapatsa jombo?" anafunsa dokotalayo.

"Anawapatsa, adokotala," anatero mkaziyo. "Amazibereka."

Mkaziyo anakhala pabenchi masiku atatu, maso ali pathumba lija. Anali ndi mantha, komanso mkwiyo. Zaka makumi awiri zaukwati, ana anayi, zonsezi n'kugonja kwa mkodzo wa khoswe! Khoswe mwini wake anali kwinakwake akunenepa.

Tsiku lachitatu masana a Sungani anatsegula maso, milomo itauma, n'kumukodola. Mkaziyo anawerama msanga. Ankaganiza kuti afunsa za ana, kapena anena mawu amene sananenepo chikwatiranireni.

"Amayi a mwana," ananong'ona, "jombo zija mwaika pamwamba? Makoswe angazidye."

Mkaziyo anayang'ana thumba lija. Munalibe ndi dontho lomwe.

"Zili bwino, bambo," anatero. "N'zatsopano ndithu. Zikudikira mwini phazi wina."